Nyumba Imene a Khumbanyiwa Sanafolere

Loweruka lapitali tinaika m'manda a Khumbanyiwa, amene anali majisitireti wa khoti lathu laling'ono lija la m'munsi mwa Michesi. Kuchokera ku tauni kunabwera galimoto imodzi ndi nkhata ya maluwa apulasitiki. M'galimotomo munatuluka mnyamata wa jekete, amene ndikhulupirira kuti malemuwo sanawaonepo ndi maso. Anasolola pepala m'thumba n'kuwerenga kuti a Khumbanyiwa anali wantchito womvera, amene anatumikira mosanyinyirika m'makhoti osiyanasiyana, kulikonse kumene anatumizidwa. Anthu anavomera chakukhosi monga amachitira pamaliro. Ine ndinanyamuka pa benchi n'kukaima kuseri kwa khola la mbuzi, chifukwa pakamwa panga ndimapadziwa, ndipo pamaso pa anamfedwa sipanali poyenera.

Makhoti osiyanasiyana ake atiwo? Bambowa khoti lawo linali limodzi. Kwinako anachita kukawataya.

Ndinali kalaliki wawo zaka khumi ndi chimodzi. Masamani ndinkalemba ndine, mafayilo ndinkasunga ndine, maina a anthu pakhomo la khoti ndinkaitana ndine. Zimene ndilembe pano sindinazitole pa mjigo.

Ndisawakometse poti amwalira. Anali munthu wovuta. Mawu oti zikomo sankatuluka m'kamwa mwawo. Ikakwana eyiti koloko ankatseka chitseko cha khoti, ndipo wochedwa aliyense, kaya ndi wapolisi kaya ndine, ankadikira panja mpaka mlandu woyamba uthe. Tsiku lina anandibwezera samani katatu chifukwa dzina la mudzi ndinalilemba mopendama. Kachitatuko ndinawaponyera cholembera patebulo. Anachitola, n'kuchitembenuza, n'kundiuza kuti chimenechi n'cha boma, ngati ndikufuna choponya ndizibwera ndi changa.

Sukulu ya malamulo ya zaka zambiri ija sanapiteko. Anayamba ngati mesenjala, kenako kalaliki, kenako anawatumiza kukosi, n'kubwerako ndi mpando. Ophunzira a m'tauni ankawanena kuti ndi majisitireti wa kumudzi, iwo n'kumati dzinalo n'loona, pakuti milandu yakenso inali ya kumudzi. Suti anali nayo imodzi, yotuwa, ndipo miyendo ya buluku ankaimanga ndi mphira kuti isakodwe mu tcheni cha njinga. Masana ankadya chinangwa chophika pansi pa mtengo wa mango, atafulatira anthu, kuti wina asapeze mpata wowagulira chakumwa.

Bambo wina amene mbuzi zake zinadya mmera wa mnzake anakasiya tambala kunyumba kwawo, iwo kulibe. M'mawa mwake a Khumbanyiwa anabwera naye tambalayo pa njinga n'kumumangirira ku mwendo wa tebulo la khoti. Mlandu wonse unazengedwa tambala ali pomwepo akujompha simenti. Pomaliza anafunsa mwaulemu ngati alipo amene akuidziwa mboni imeneyi. Anati khoti silibalalika mpaka mboniyo ipeze wopita nayo kwawo. Bambo uja anachita kugwada n'kumasula chingwe yekha, anthu akufa ndi phwete.

Nkhalamba zobwera kudzachitira umboni ankazilankhula m'Chilomwe, pang'onopang'ono, kufunsa za miyendo ndi za nandolo wa chaka chino, mpaka mantha athe. Mwambi wawo unali umodzi, ndipo tinatopa nawo. Ankati mlandu uli ngati kalongonda, amene wamuphula msanga poti nkhuni zatha asadabwe ana akayamba chizungulire.

Kalata yowachotsa inafika m'chilimwe, mango atangoyamba kupsa. Inati apite ku Nsanje akathandize kuchepetsa milandu imene inaunjikana kumeneko, kwa kanthawi, miyezi itatu yokha, ndipo kuno kubwera wina wogwirizira. Miyezi itatu itatha kunabwera kalata ina ya miyezi itatu. Itatha imeneyo, inanso. Mawu oti kwa kanthawi sankasowa m'kalata iliyonse. Anakhalako zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, mpaka msinkhu wopuma pantchito unawapezera komweko.

Ndinakawaonako kamodzi. Ndinawapeza m'kachipinda kotentha ngati uvuni, suti ija itanyowa ndi thukuta, mapazi atatupa moti nsapato anali atazivula pansi pa tebulo. Kumeneko mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ndipo milandu yake ndi ya malowolo. Munthu amene ankadziwa mbumba iliyonse kuyambira ku Fort Lister mpaka kudambo, amene ankatha kukuuza kuti mtengo wa m'malire uja anadzala ndi agogo ake a uje, anali atangokhala duu, kudikira womasulira amuuze zimene nkhalamba ya Chisena yanena. Anandiuza kuti akugamula ngati munthu wopalira m'munda mwa eni, wosadziwa kuti mbewu ndi iti, udzu ndi uti. Za kunyumba kwawo sanandifunse, ankamva pafoni. Za khoti sanandifunse. Anandifunsa za munthu mmodzi.

"Elube akugona pati?"

"Pomwe paja, bwana. M'khitchini mwa amayi ake."

Anavala nsapato zija movutika, n'kundiuza kuti ndizipita, minibasi yomaliza imanyamuka msanga.

Kuti mumve za Elube, muyambe mwamva mmene bambowa ankathetsera mabanja.

Kuno kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi. Malo ndi a mkazi ndi mbumba yake, mkamwini amangobwera ndi khasu ndi manja ake. Ntchito yake yoyamba ndi kumanga nyumba. Banja likatha amanyamula zovala zake n'kumapita, nyumba imatsalira mkazi ndi ana. Ngati sanamange, amange kaye. Izi aliyense amazidziwa, ndipo makhoti amagamula choncho. Koma kugamula ndi kwina, kumanga ndi kwina. Oweruza ambiri amalemba kuti bamboyo amange pasanathe miyezi yakutiyakuti, n'kumupatsa kalata yothetsa banja, n'kutseka fayilo. Bamboyo akangoipinda kalatayo m'thumba, mawa mumva ali ku Mozambique kapena ku Joni.

A Khumbanyiwa anazitembenuza. Kalata inkakhala m'dirowa mwawo mpaka nyumba ataiona ndi maso awo. Lachisanu lililonse masana ankakwera njinga, ine pambuyo pa yanga, kukwera zitunda zimene pena tinkachita kukankha. Akafika sankataya nthawi ndi malonje. Ankayamba aizungulira nyumbayo, kenako n'kutsamira khoma ndi phewa, n'kukankha. Akatero ankalowa okha, kudzitsekera m'kati, n'kuyang'ana kudenga. Akaona kuwala kwa dzuwa ngakhale pamodzi, kalata palibe. Ankafunsanso mkaziyo, osati ankhoswe, kuti malowo anasankha ndani, chifukwa amuna ena mwadala ankamanga m'mphepete mwa khwawa, mmene mumadutsa madzi a m'phiri.

Mnyamata wina wa kabaza anamanga bwino ndithu, koma chitseko chinkakhula pansi.

"Bwana, chimangofuna kuchinyamula pang'ono potseka," anatero.

"Uzibwera tsiku lililonse kudzamunyamulira?"

"Iyayi bwana, banja latha."

"Ndiye kuti silinathe. Tionana Lachisanu likudzali."

Musaganize kuti ankakondera akazi. Mayi wina anadikira mwamuna wake alime, apalire, akolole, chimanga chitalowa m'nkhokwe n'kumuuza kuti chikondi chatha. A Khumbanyiwa anamufunsa mayiyo chifukwa chake chikondicho sichinathe nthawi yobandira. Bamboyo anachoka ndi gawo lake la zokolola. Koma zoterezi amuna sankazikumbukira. Ankakumbukira njerwa, ndipo ankawada.

Akuluakulu a ku tauni nawonso sankakondwa nawo. Malipoti athu a pamwezi ankaonetsa mafayilo ambiri osatseka. Ankawaimbira foni kuti zoyendera nyumbazo m'buku la malamulo mulibe, iwo azigamula n'kutseka, wosamvera chigamulo adzamangidwa pambuyo pake. Iwo ankafunsa kuti munthu amene wadumpha malire adzamumanga ndani. Ine mpaka lero ndimakhulupirira kuti malipoti amenewo ndiwo anabereka kalata ya ku Nsanje ija. A Khumbanyiwa ankakana, ankati boma silisunga chakukhosi. Pamenepo ndiye ndinkaonera kuti nzeru zawo zinali ndi polekezera.

Elube ndi mayi wa ana anayi, kwawo ndi kumtunda, njira yopita ku Fort Lister. Mwamuna wake Fanuwelo, telala, anakhala pachikamwini zaka khumi ndi zinayi osaumba njerwa ngakhale imodzi. Ankagona m'khitchini mwa apongozi ake, chaka chilichonse akuti chaka cha mawa. Kenako anapeza mkazi wina ku Migowi, woimba kwaya, amene anati iye za ukwati wongolowana ayi, akufuna wa m'tchalitchi. Abusa anati popanda kalata ya khoti yothetsa banja loyamba sadalitsa. Ndiye Fanuwelo anabwera yekha kukhoti, akuthamanga. Chikwatiwire, Elube anali asanakhalepo ndi chinthu chimene Fanuwelo ankachifuna. Tsopano chinalipo, ndipo chinali m'dirowa mwa a Khumbanyiwa.

"A Fanuwelo, zaka khumi ndi zinayi munkagona pati?" anafunsa a Khumbanyiwa.

"Kwa apongozi, bwana."

"Utsi sunkakutsamwitsani?"

"Tinazolowera, bwana."

"Inu mwasiya kuzolowera, mwapeza kwina. Ana anu anayi apitirize kuzolowera?"

Anagamula nyumba ya zipinda ziwiri, ya njerwa zootcha, ya chitseko chokhoma, pamalo posankha Elube. Fanuwelo anakumba maziko sabata yomweyo, chifukwa tsiku la ukwati anali atalengeza kale. Maziko atangokumbidwa, kalata ya ku Nsanje inafika.

Lachisanu lomaliza tinkalongedza mabuku awo m'katoni, tili awiriwiri.

"Bwana, fayilo ya Elube ndipita nayo kunyumba," ndinatero.

"Ukatani nayo?"

"Ndikaitsekera m'sutikesi. Miyezi itatu si zaka. Wobwerayo akafunsa ndidzati yasowa. Mafayilo amasowa tsiku ndi tsiku m'dziko muno."

"M'khoti langa inasowapo?"

"Kuyambira Lolemba si lanunso."

Anasiya kulongedza n'kundiyang'ana.

"Daisoni, tsiku limene kalaliki adzayambe kusankha mafayilo oti woweruza awaone, khotilo lidzakhala la kalaliki. Lero ubisira Elube. Mawa ubisira mlamu wako."

Ndinawauza kuti chilungamo chawocho n'chodzikonda, chongofuna kuti manja awo akhale oyera, wina azigona mu utsi. Ndinanenanso zina zimene sindilemba pano. Anatenga cholembera chofiira n'kulemba pachikuto cha fayiloyo, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti kalata isaperekedwe woweruza asanaione yekha nyumbayo. Anasaina pansi pake.

"Wobwerayo ndi majisitireti mnzanga," anatero. "Adzawerenga."

Anawerengadi. Anali wachinyamata, wa digiri, waulemu, ndipo ziphuphu sankadya. Ndikanakonda akanakhala wa ziphuphu, ndikanadziwa pomutukwanira. Ankayang'anira makhoti atatu nthawi imodzi, kwathu ankafika kawiri pamwezi pa njinga yamoto, n'kupeza anthu atadzaza mpaka pansi pa mango. Anamutuma kudzatseka mafayilo, ndipo ankatsekadi. Zimene a Khumbanyiwa ankamva sabata yonse, iye ankamaliza dzuwa lisanafike pamutu.

Pa ulendo wachiwiri wa bwana watsopanoyo, Fanuwelo anabwera ndi foni. Pachithunzipo panali nyumba yooneka bwino: khoma la njerwa, chitseko chobiriwira, malata akunyezimira pamwamba, iye ataima pakhomo atapisa manja m'thumba. Bwana wachinyamatayo anaitana Elube kuti asendere.

"Mayi, malo awa mukuwadziwa?"

"Ndi pakwathu, bwana."

"Anamanga ndi bambowa?"

"Ndi iwowo, koma kumbuyoko..."

"Zing'onozing'ono zotsalazo amaliza. Khoti silingadikire pulasitala."

Elube ndi munthu amene chibadwire sanamudulepo mawu wovala taye. Anangocheukira kwa ine. Ndinaimirira n'kuloza ndi chala inki yofiira ija.

"A kalaliki, ndaona," anatero bwanayo. "Amenewo ndi maganizo a bwana anzanga, si lamulo. Taonani anthu ali panjawo. Ndikakwera phiri lero, iwowo awamvera ndani?"

Ndinati ngati njinga yake ikuopa miyala ndimunyamula pa yanga. Anandichenjeza. Ndinati sukulu yake inamuphunzitsa kuwerenga mapepala, koma sinamuphunzitse kuti nyumba ili ndi mbali zinayi. Mesenjala ananditulutsa m'khoti limene ndinkatsegula ndekha m'mawa uliwonse, ndipo chidindo ndinachimva kugunda ndili panja. Ntchito yanga inathera pa nkhani yomweyi, koma za ine si zimene ndikulemba.

M'mawa mwake ndinakwera kukaona. Khoma linali limodzi, lakutsogolo lokha, kumbuyo kwake atalichirikiza ndi mitengo ya bulugama. Kuseri kwake kunali maziko aja, ali chikumbire. Chitseko chobiriwira chija chinali cha okala ya mchimwene wake, malata anayi anali obwereka. Ndinapeza Fanuwelo akuzula chitsekocho, malata atawamangirira kale pa njinga.

"Mwadzuka bwanji a kalaliki?" anatero. "Mwalawira."

Sindinamumenye chifukwa ana ake anali pomwepo akuonerera. Ndinatulutsa foni n'kuwaimbira a Khumbanyiwa ndili pamalopo. Moni sindinawapatse. Ndinawafotokozera zonse, khoma, mitengo, chitseko, n'kumaliza ndi kuwauza kuti asade nkhawa, fayilo yawo ili bwinobwino, sinasowe. Iwo anangofunsa ngati ndamaliza. Ndinadula.

Khomalo linagwa ndi mvula yoyamba. Ukwati wa Fanuwelo unachitika, malipenga a galimoto tinawamva mpaka kuno. Apilo amakachitira ku Blantyre, kumene Elube sanapondeko phazi.

A Khumbanyiwa anabwerako atapuma pantchito, ataonda, akuyendera ndodo. Patangotha sabata ndinawaona akudutsa pakhomo panga akukankha njinga, pa kaliyala atamangirira chikombole.

"Bwana, chikombolecho n'cha chiyani?"

"Cha njerwa. Umachiyesa cha mandasi?"

"Mukukaumba kuti?"

"Kwa Elube."

Ndinagwira handulo ya njingayo.

"Kuno nyumba ya mkazi amamanga ndani, bwana?"

"Usandiphunzitse."

"Ndikufunsa. Zaka zonse zija anthu munkawauza chiyani? Amamanga ndi mwamuna wake. Mwamuna akalephera, alongo ake kapena atsibweni ake. Inuyo ndinu ndani kwa Elube?"

"Ndine amene ndinagamula kuti nyumba imangidwe."

"Ndiye umbani njerwa kwanu, mukapereke kwa atsibweni ake amange iwowo. Kapena mutume mmisiri, inu musaonekeko."

"Atsibweni akewo anali ndi zaka ziwiri, amanga chiyani? Zotuma anthu ndinayesa kale. Ndinatuma ndi inki yofiira. Siya njinga yanga."

Ndinaisiya. M'boma lonse la Phalombe munalibe munthu wodziwa mwambo umenewu kuposa iwo. Ankadziwa bwino lomwe zimene maso a anthu adzaone. Koma zaka ziwiri za ku Nsanje zija anali atazitha akumanga nyumbayo m'mutu, ndipo munthu wina sakanaloledwanso kuikhudza. Chimenecho ine ndimachitcha kunyada, ngakhale kunali kunyada kwa munthu wabwino.

Bambo awo anali mmisiri, ndiye ntchitoyo ankaidziwa. Anasankha malo okwera, kutali ndi khwawa, atamufunsa Elube. M'mawa uliwonse ankapinda buluku n'kuponda dothi ndi mapazi otupa aja. Elube akanawakaniza bwanji bwana? Ndipo akanangokhala n'kumaonerera nkhalamba ikusenza ndowa? Anayamba kuwatungira madzi. Odutsa m'njira ankaona bambo akuumba njerwa pamalo pa mkazi, mkaziyo akutsika ndi ndowa pamutu kudzamuthirira. Kuno chimenecho chili ndi dzina limodzi lokha.

Mphekeserayo anaiyambitsa ndi Fanuwelo, ali pa makina ake pamsika wa Migowi. Ankauza aliyense wobwera kudzasoketsa kuti iye ankadabwa chifukwa chake mdala uja anaukakamira mlandu wake, kani ankafuna kuti iye Fanuwelo amumangire mdalayo pogona kwa Elube. Amuna onse aja amene anawaumbitsa njerwa anadzuka nayo nkhaniyo ngati aipeza pansi pa mphasa. Ankati tsopano amvetsa zimene bwana ankakachita Lachisanu, podzitsekera m'nyumba za akazi awo. Zaka zonse za ntchito yawo zinasanduka nthabwala ya pa bawo. Ndinamuthyola munthu dzino pa nkhani imeneyi, ndipo sizinathandize, anangoti kalaliki ndiye ankalondera pakhomo.

Akulu a mpingo anawaimitsa a Khumbanyiwa kudya mgonero mpaka nkhani ifufuzidwe. Akazi awo, mayi ofatsa amene sindinawamvepo akukweza mawu, anasiya kupita kumsika. A Khumbanyiwa anapitiriza. Anaotcha uvuni, anamanga, makoma anakwera mpaka pamwamba pa mawindo. Anadula mitengo ya denga m'munda mwawo n'kuituta umodziumodzi.

Tsiku lokweza mitengoyo ndinapita, chifukwa kukwiya ndinakwiya koma sindikanalola kuti nkhalamba ithyoke msana yokha. Anali ataima pa diramu akumalizitsa mzere womaliza wa njerwa. Elube anatuluka m'khitchini muja wopanda ndowa, n'kugwada chapatali.

"Bwana, ndapota nanu, lekani."

"Kwatsala denga lokha, mayi. Masabata awiri."

"Ndikuona. Koma ine sindidzalowamo."

"Chifukwa?"

"Mukufunsa inuyo? Mwana wanga wamkulu anthu anabwera kudzamufunsira, abwerera. Akuti amayi ake ndi mkazi wachiwiri wa ajaji. Kutchalitchi ndikakhala pa benchi, anzanga amasendera uko. Ndikangoyala mphasa m'menemo ndiye kuti ndavomera. Utsi ndinauzolowera, bwana. Izi sindingazizolowere."

A Khumbanyiwa anali ndi njerwa m'manja. Anaiika pakhoma, anaiwongola kuti ilingane ndi zinzake, n'kutsika pa diramupo. Anamulankhula Elube m'Chilomwe, motsitsa mawu, n'kumupepesa. Zaka khumi ndi chimodzi ndinakhala nawo m'chipinda chimodzi, ndipo kameneko kanali koyamba kumva munthu ameneyu akupepesa. Anasamba m'miyendo ndi madzi otsala a dzulo lake, anamangirira chikombole pa njinga, tinayamba kutsika.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinati, "Ndinakuuzani."

"Unandiuza kawiri," anatero. "Kachiwiri aka ndalakwa ndine. Koyamba kaja unalakwa ndiwe."

"Ndikanaibisa fayilo ija, bwenzi pano akugona m'nyumba."

"Bwenzi akugona m'nyumba, iwe uli mbava."

"Mbava ya mapepala. Nanga inu anthu akukutchani chiyani?"

Tinakangana mpaka kumsewu, anthu akutiyang'ana. Pa nkhani ya fayiloyi sanasinthe maganizo mpaka imfa, ndipo inenso sindinasinthe. Zoti miyezi itatu idzasanduka zaka ziwiri, ndi zoti sutikesi yanga sikanaisunga fayiloyo nthawi yonseyo, ndikuzidziwa. Musandikumbutse.

Anakhala chaka ndi theka chichitikire izi. Ankakhala pakhonde atakweza mapazi pa kampando, akuyang'ana msewu. Anthu amene kale ankatsika pa njinga powapatsa moni ankangoliza belu n'kudutsa. Mpingo unawabwezera pa mgonero mwakachetechete, popanda wina woimirira kunena kuti anawanamizira. Pa khoti paja padutsa oweruza anayi chichokere iwo, onse ogwirizira, onse a kwa kanthawi, ndipo palibe amene anakwerapo phiri. Pamaliro Elube sanafike. Akanalira anthu akanamuwerengera misozi, akanapanda kulira akanati akubisa. Anatumiza mtolo wa nkhuni kudzera mwa mng'ono wake, amene anautula pamulu wa zinzake osatchula dzina.

Dzulo ndinakwera kumtunda kuja. Nyumbayo ilipo. Makoma anayi onse, njerwa zofiira zopsa bwino, mizere yake yowongoka ngati anachita kulemba ndi rula. Mvula yawomba makomawo dzinja lonse koma palibe mng'alu ngakhale umodzi. Felemu ya chitseko ili m'malo mwake, chitseko palibe. Mitengo ya denga ija ili pomwe tinaisiya, chiswe chaidya m'kati, ukaiponda imangofumbutuka. M'chipinda chachikulu mwamera chisoso, m'chaching'ono mwamera papaya amene wapitirira khoma kutalika, ndipo zipatso zake zimagwa n'kuolera momwemo. Njerwa zosiyidwa kuno sizigona masiku atatu osabedwa, koma izi palibe watolapo ngakhale imodzi, poti palibe akufuna kuoneka nazo. Mbuzi Elube salola kuti azitsekeremo. Ana ake sasewereramo. Njira yopita ku mjigo inkadutsa kutsogolo kwake, pano inakhota, ikudutsa kuseri.

Chapafupi pomwepo utsi unkatuluka m'denga la khitchini ija, mphasa zitayanikidwa pa mpanda. Kuchokera pakhomo pa khitchini kufika pakhomo pa nyumbayo ndi mapazi khumi ndi awiri. Udzu wa pakatipo wafika m'mawondo, ndipo palibe amene waupondapo.